Chala Chachikulu cha Stephano

Mlendoyo anakhala pamwala wonolera mipeni, dzanja lamanja lili m'thumba la jekete ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Ankati ndiye Stephano, mwana wa mayi Dina, amene anachoka ku Domasi mu 1964 kupita kumigodi ku Joni, osatumizako ngakhale kalata.

Stephano wake uti wankhope yamakwinya chonchi, wa Chichewa chosakaniza ndi chilapalapa cha kumigodi? Atamufunsa dzina la azakhali ake, anachita chibwibwi. Anthu amene anasonkhana pakhomopo anapukusa mitu. Si chaka chatha chomwechi wina anafika ku Naisi ndi bodza lomweli n'kuthawa ndi njinga?

Mayi Dina, amene maso anali atasiya kuona, anatambasula manja. "Mubwere naye kuno ndimugwire kumaso."

"Khalani pansi, amayi," anatero Ignatius, mwana wawo wachiwiri, kalaliki wa kukoleji. Makalata onse apakhomopo ankawerenga ndi iye, ndipo nyumba ndi munda wa mpunga zinali m'manja mwake. Analowa kuchipinda, natsegula kabokosi kake kachitsulo, n'kutulukira ndi inki ya kuofesi ndi pepala lakale limene Stephano anadindapo chala chachikulu chakumanja polembedwa ntchito.

"Nkhope imasintha, mawu amasintha, koma mizere ya pachala munthu amafa nayo. Dindani apa, apolisi akafananitse."

Mlendo anazolika.

"Dindani, bambo!"

Anatulutsa dzanja lija pang'onopang'ono. Zala zinayi. Pamalo pa chala chachikulu panali chipsera chosalala.

"Mwala unandiphwanya mumgodi, achimwene."

"Achimwene ndani?" Ignatius anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mwaonatu anthuni! Tambwali weniweni ameneyu. Chala chomwe chikanamugwiritsa bodza n'chomwe chasowa!"

Basi, zibuma zinayamba kuuluka. Wina anamumasulira galu. Mayi Dina anaimirira mwaukali.

"Iwe wopanda chisoni, wadzandiseka ndi dzina la mwana wanga? Ukafere kutali, akudye akhwangwala!"

Munthu uja anatembenuka kamodzi, anawayang'ana mayiwo, kenako anatsimphinira kumsewu wa ku Liwonde, magazi akuchucha pakhutu.

Ignatius anabwezera pepala lija m'kabokosi. Pansi pake panali kalata ya 1978 yochokera kuchipatala cha kumgodi, imene sanawawerengere amayi ake. Inali ya mizere iwiri: Stephano Maliro ali moyo, koma waduka chala chachikulu chakumanja.