Kalata ya Mayi Sofiya Inapita ndi Sitampa

Panali munthu wina kuno ku Rustenburg, dzina lake Sylvester, wa ku Ntcheu. Ine sukulu sindinapondeko, koma nkhani sindiphonya, ndiye amene mukundilembera pafonipa musasinthe mawu anga.

Sylvesteryu ankagwira ntchito m'shopu ya masitampa akale m'tauni. Akayika kagalasi padiso, amayang'ana mano a m'mphepete mwa sitampa, mtundu wake ndi chidindo, n'kunena kuti iyi ndi yapamwamba, iyi ndi chinyalala. Anthu amangokhulupirira pakamwa pake. Sanali woipa ayi, kutchalitchi ndiye amatithandiza kudzaza mafomu.

Tsiku lina bambo Elias a ku Photsaneng konkuno, mtchona wa nthawi ya Wenela, anamuonetsa chitini cha makalata. Anali a malemu akazi awo, mayi Sofiya, olembedwa kumudzi iwo ali mumgodi. Bambowa maso anatha, ndiye Lamulungu lililonse amapempha munthu awawerengereko.

Sylvester anaona envulopu imodzi, sitampa yake chithunzi chili chadodolido. Zotere sizipezeka wamba.

"Bwanji mwana wanga, ilipo yanzeru?" anafunsa bambo Elias.

"Aa, madala, iyi mano ndi ogweluka ngati anuwa. Ingondipatsani ndikaonetse anzanga."

Anaseka bambo Elias. "Tenga. Ukamatule ndi nthunzi ya ketulo, envulopuyo undibwezere."

Koma odziwa masitampa samatula. Sitampa ikakhala pa envulopu yake ndi pamene imalemera mtengo. Sylvester anagulitsa envulopu yonse kwa munthu wa kunja, osasuzumira n'komwe m'kati.

Lamulungu litafika, bambo Elias anamuitana. "Khala apa, undiwerengere ija unatenga. Ndi yomaliza imene Sofiya analemba asanagone m'chipatala."

Sylvester anatuluka panja. Anaimbira wogula uja. Akuti envulopu ilipo, koma kapepala ka m'kati anataya, chilankhulo chake samachimva.

Anabwerera n'kugwada pakhonde, kuulula zonse, ndalama zili m'manja.

"Aikona, bweza m'thumba," anatero bambo Elias. "Ukanandiuza zoona, sitampayo ndikanakupatsa ulere. Ine ndimasunga sitampa ngati? Ndimasunga mkazi wanga."

Kenako bambo Elias anati, "Tenga cholembera."

Anayamba kulakatula kalata yonse pamtima, kuyambira moni, za mbuzi imene inaswa awiri, za denga lodontha, mpaka pamene mayi Sofiya anati bwerani ndikuoneni ndisanafe. Sylvester akulemba, misozi ikudonthera papepala.

Atamaliza, bambo Elias analisisita pepalalo ndi zala, n'kuliika m'chitini.

"Mawu ndi omwewo," anatero. "Koma dzanja si lake."

Phunziro: Munthu akakupatsa chinthu chake kuti maso ako amuonere, muuze zoona zake za chinthucho, chifukwa sudziwa chimene chili m'kati mwake. Tumizirani abale onse ali kuno ku Joni, makamaka awo ophunzira amene timawadalira ife osawerenga.