Chaka Cholakwika pa Chiliza

Darlington ndiye analembetsa chaka cholakwika pa chiliza cha bambo ake ku Wigston. Anangouza osema chilizacho pa foni, ali kuchilumba cha ku Scotland komwe amafukula malinga amiyala a anthu akalekale.

Mayi ake anamuimbira ataima pamandapo.

"Amayi, makala amene tinawapeza m'linga lino tawayeza kuti tidziwe zaka zake," anayamba mokondwa. "Lingali latha zaka 2,600."

"Nanga bambo ako anamwalira liti?"

"2022."

"2023, galu iwe. Kumaliro sunabwere, unali m'dzenje lako."

"Chaka chimodzi si nkhani, amayi. Kuntchito kwathu timalola kuphonya ndi zaka makumi asanu."

Mayiwo anayang'ana pansi pa dzina la amuna awo, pamene osema anasiya mpata wa dzina lawo.

"Ndikadzafa usadzabwerenso. Udikire zaka 2,600, udzandifukule. Mwina pamenepo udzandigwira mosamala."