Phukusi la Aphunzitsi

"Lathanso, mayi," anatero a Mawaya, akutembenuza kompyuta kuti mkazi wa malemu Aphunzitsi adzionere yekha.

Dzina la Mawaya anthu anawapatsa chifukwa cha ofesi yawo: nthambo pansi, nthambo pakhoma, mpando wa alendo umodzi wokha. Ndi iwo ankasamalira tsamba la pa intaneti limene Aphunzitsi anasiya, lokhala ndi makanema makumi anayi ophunzitsa masamu. Mwiniwake anali atagona m'manda miyezi isanu.

Mayiyo anayang'anitsitsa mzere wofiira pagalasi la kompyuta. Ntchito yake inali yosoka, za makina awa sankazidziwa, koma nkhani ya phukusi a Mawaya anali atamufotokozera kangapo. Pali kampani imene imanyamula makanema n'kuwafikitsa m'mafoni a anthu. Ukagula phukusi lolipiriratu, munthu akaonera kanema, kampaniyo imatapa m'phukusimo monga mmene timatapira shuga m'chitini. Likatha, makanema saima ayi, koma mtengo umakwera pafupifupi kawiri.

"Kale phukusi limodzi linkatifikitsa miyezi itatu," anatero a Mawaya. "Ili latha pa milungu itatu yokha."

Mayiyo anamwetulira. Anali asanamwetulirepo sabata yonseyo.

Ali moyo, mwamuna wake ankawerenga oonera ndi zala za m'manja. Anasiya ntchito kusukulu n'kuyamba kujambula maphunziro pabalaza, bolodi atalikoleka pamsomali wa kalendala. Anzake anamuseka. Bambo ake omubereka, amene ankakhala nawo nyumba imodzi, sanaseke. Anakwiya. "Thukuta langa lonse lija linali loti uzilankhula ndi khoma?" Kwa zaka ziwiri, bambo ndi mwana ankangopatsana moni wa m'mawa basi. Pamaliro mkuluyo sanagwetse msozi ngakhale umodzi.

Tsiku limeneli apongoziwo anali pabenchi panja pa ofesi, ndodo ili pakati pa miyendo, kudikira kuti mayiyo awaperekeze kukatenga mankhwala a mawondo. Chitseko chinali chotseguka pang'ono.

"Apongozi, simunathe?" anafunsa mokweza. "Tsekani zinthu zimenezo. Mwiniwake anapita, inu mukungothirira mtengo wouma."

Mayiyo anasendera pafupi ndi tebulo.

"Mwamva? Nyimbo yake ndi imeneyo tsiku ndi tsiku," ananong'ona. "Koma taonani, a Mawaya, ana a sukulu akuwafuna bambo a kwathu. Mayeso ayandikira. Ndikamasoka ndimaganiza za kamtsikana kenakake kutali uko, kope lili pamiyendo, kakumvetsa masamu chifukwa cha iwo. Mwina sikakudziwa n'komwe kuti munthuyo kulibe." Kenako analoza pagalasi. "Ndigulireni phukusi lalikulu. Makina anga osokera aang'ono aja ndawapezera kale wogula."

A Mawaya anakanda m'mutu.

"Musanagulitse kanthu, mayi, ndiloleni ndione kaye kumene phukusili likupita. Kampani imalemba zonse."

Anadina apa, anadina apo. Manambala anatsika pagalasi ngati nyerere. A Mawaya anavula magalasi awo, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso.

"Ana a sukulu alipo, koma ndi ochepa monga kale. Mwezi uno ndi asanu ndi awiri."

"Asanu ndi awiri? Nanga phukusi lapita kuti?"

"Likudyedwa ndi foni imodzi. Kanema wakenso ndi mmodzi, phunziro la khumi ndi chinayi. Foniyo ndi yakale, sisunga kanthu, ndiye ikangotsegula imakoka kanema yense mwatsopano. Tsiku lina yakoka maulendo makumi atatu."

Mayiyo anatembenukira kwa a Mawaya.

"Ndiye kuti ndi munthu wankhanza chabe? Wofuna kutigwetsa?"

"Zimachitika, mayi. Ena amatuma makina kuti azingotsegula makanema a anzawo mpaka phukusi litatha. Ndikhoza kuitsekera foniyo pompano."

"Itsekereni."

Anaweramitsa mutu, misozi n'kumadontha pachikwama chake. Sankalirira ndalama. Kwa milungu itatu ankadzuka ndi mphamvu chifukwa cha kamtsikana ka kope kaja, ndipo tsopano anali atauzidwa kuti kamtsikanako kulibe. Mwamuna wake ankalankhuladi ndi khoma. Choipa kwambiri chinali chakuti akatuluka muno, adzayenda ndi apongozi ake mpaka kuchipatala akudziwa kuti mkuluyo ankanena zoona.

A Mawaya anaika chala pabatani, koma sanadine.

"Chikundidabwitsa n'chimodzi. Makina amaonera mpaka kumapeto. Uyu amalekera pa mphindi yachiwiri n'kuyambiranso. Taimani tione kuti pali chiyani pamenepo."

Anatsegula kanemayo n'kukweza mawu. Aphunzitsi anaonekera pagalasi, malaya oyera atapinda manja, choko chili pakati pa zala. Mayiyo anagwira pakamwa. Anali asanalimbe mtima kuonera kanema aliyense chichitikire maliro.

Aphunzitsi analemba nambala ziwiri pabolodi. Kenako chitseko chinalira kuseri kwa kamera. Anacheuka, nkhope yonse n'kuwala ngati ya mwana wamng'ono.

"Pepani ababa, ndikubwera. Mundidikire pang'ono."

Panja pabenchi panamveka mawu otsika a munthu wozolowera kuyankha pamalo omwewo.

"Ndikudikira, mwana wanga."

A Mawaya anachotsa chala pabatani. "Foniyi imalowera pa intaneti ya kunyumba kwanu, mayi," ananong'ona. "Masana, inu muli kuntchito."