Ufa Patsinde pa Msolo

"Mvulayi taitana ndife," anatero Abusa Samson, akuvina m'matope paphiri lina ku Ntaja.

"Iyayi abusa, ndi duwa yathu, pemphero lathu la Lachisanu lija," anayankha Shehe Twaibu akuseka ngati mwana, mkanjo utanyoweratu. "Agogo anga anaikidwa pompano mtanda wanuwo usanabwere."

Chilala chonsecho ankalimbirana phirilo, koma lero anagwirana manja n'kuthamangira kukabisala mvula pansi pa mtengo wakale wa msolo, pamalo pomwe onse awiri analetsa anthu awo kuthira nsembe kwa mizimu.

Patsinde anapeza ufa wongothiridwa kumene ndi chipanda cha thobwa.

"Chipanda ichi chikukhala ngati chakwathu," ananong'ona abusa.

Maso a Shehe anali palichero lomwe linali pambali pa chipandacho, lomwe anagulira akazi awo dzana ku Nselema.