Desiki ya Folo

Choko chinaloza Sikisi, wa pa desiki 6, monga dzulo ndi dzana.

Aphunzitsi a masamu sankaitana ophunzira ndi mayina, ankangotchula nambala za madesiki. Woti ayankhe funso ankamupeza ndi lamulo lawolawo. Ankayambira pa ziro, n'kudumpha sitepe imodzi, kenako ziwiri, kenako zitatu, kumangowonjezera. Kudumphira kumbuyo kukawafikitsa pa desiki yosafunsidwa, ankabwerera. Apo ayi, ankapita kutsogolo. Tsiku lililonse zinkatuluka zomwezo: 1, 3, 6, 2, 7, 13, mpaka belu kulira.

"Lamuloli lilibe tsankho," ankatero. "Aliyense lidzamupeza, ngati imfa."

Koma imfayo inkakonda Sikisi. Ankaima, n'kulakwitsa, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Pamene Folo, mnyamata wachilendo wa pa desiki 4, ankangokhala phee ngati bwana wodikira tiyi. Sankacheza ndi munthu. Ukamupatsa moni ankangogwedeza mutu. Matama ake!

Sikisi anasiya mpira wa pa buleki, n'kumatsata manambala aja payekha. Anadumpha nawo, kubwerera nawo, mpaka chinyengo chinaonekera: lamulolo limafika pa 4 pa funso la nambala 131. Ndani anafunsapo mafunso ochuluka chotero belu lisanalire?

Ndiye lero, choko chitamuloza, anaima.

"Aphunzitsi, lamulo lanuli ndi labodza. Folo simungamufike ngakhale titagona momwemuno."

"Ee, tapeza pulofesa! Dzulo lomweli 7 kuchulukitsa ndi 8 inakutulutsani thukuta. Tayankhani funso, achikulire."

"Nayenso ayankheko. Kapena ndi m'bale wanu?"

Kalasi yonse inayamba kumenya madesiki. "Folo! Folo! Folo!"

Aphunzitsi, munthu wosasowa chonena, anangoyang'ana choko chawo.

"Funsoli ndi la Sikisi," anatero chapansipansi.

Koma Folo anali ataima kale. Anagwira desiki ndi manja onse awiri. Anatsegula pakamwa, mitsempha ya m'khosi n'kutuluka, maso n'kufiira.

"Ya... ya... ya... ya..."

Mawu anakanirira pomwepo. Manja omenya madesiki anasiya limodzilimodzi, ndipo Sikisi anasowa poyang'ana.

Aphunzitsi anali atawatsata manambalawo kalekale, tsiku limene mayi a Folo anawanong'oneza za chibwibwi chake. Pa desiki 4 anamukhazika okha.