Bonongwe wa M'khola Lakale

Chibwerere lamulo loti nyama izidyedwa pa tsiku lokolola lokha, kufunsira mbeta nako kunasintha. Mnyamata ankabwera ndi ndiwo zamasamba za mitundu isanu, zolima yekha, kusonyeza kuti adzatchinjiriza banja lake ku khansa.

Mwandida anadikira Dziwani dzinja lonse. Mnyamatayo atatula lichero pakhonde, mtima wa mtsikanayo unangoti myuu. Munali nkhwani, khwanya, chigwada ndi therere basi.

"Yachisanu ili kuti, iwe?" ananong'ona Mwandida.

"Mbuzi zinandidyera mpiru wonse," anayankha Dziwani atazolika.

Bambo a Mwandida, amene khansa inawalanda mkazi, sankachita masewera ndi mwambowu. Anasanthula m'licheromo. Mwandida ataganiza zodikiranso chaka china, misozi inalengeza.

"Kodi si inu munanditembenuzira ndowe m'khola lakale lija?" anafunsa bambowo.

"Ndine ndithu, bambo."

"Nanga bonongwe wameramo uja ndi wa yani? Si wanu? Kathyoleni msanga. Amake a mwanayu ankakonda bonongwe kwabasi."

Dziwani analiyatsa liwiro, nsapato kuzisiya pakhonde. Mwandida naye anamuthamangira, kuiwaliratu zoti mbeta sithamanga.