Goloboyi Watsopano

Mpanda anamaliza kumangirira ukonde pa golo lachiwiri n'kukhala pansi kuti apezeko mpweya. Dzuwa la Loweruka masana linali kuswa mtengo. Pabwalo ponse panali iye yekha, chikwama chake ndi mpira umene anaupopa m'mawa.

Dzina loti Mpanda anam'patsa ndi anzake a timu, chifukwa akaima pagolo mpira sunkadutsa wamba. Anali wowotcherera zitsulo, bambo wa ana atatu, wa imvi m'ndevu. Timu yawo sinali mu ligi iliyonse. Anali madoda a ntchito zosiyanasiyana, ena a mimba zotsogola, amene ankakumana Loweruka lililonse kuti athamangitsane, akanganirane penate, kenako asekane mpaka nthiti kuwawa. Magolo achitsulo a pabwalopo anawotcherera yekha. Sabata yonse ankapirira utsi ndi phokoso la kuntchito podziwa kuti Loweruka likubwera.

Koma Loweruka lapitalo sikunabwere munthu. Lam'mbuyo mwake kunabwera awiri okha, nawonso anangopereka moni n'kubwerera ngati asiya mphika pamoto. Pa gulu lawo la pafoni, pamene kale pankasefukira nthabwala, panali zii. Akaimbira uyu, ankamva za maliro. Akaimbira uyo, ankamva za mwana wodwala. Ena foni inkangoitana mpaka kuduka.

Mpanda sanafunikire womuuza. Zonse zinayamba tsiku limene anamuchinya zigoli zambirimbiri ngati pagolo palibe munthu. Tsikulo miyendo inamulemera, ndipo chigoli chomaliza anangochiperekeza ndi maso atagwada. Anzake sanamuseke monga mwa nthawi zonse. Anangoyang'anizana. Kuchipatala anamuyeza izi ndi izo, mkazi wake n'kubwera ndi mapiritsi komanso uthenga woti kunali kutopa chabe. Anapumako pang'ono, koma pobwerera anapeza timu itasungunuka.

Anaimirira, navala magolovesi, nayamba kuponya mpira m'mwamba n'kumauwakha. Anachita zimenezi kangapo, kenaka manyazi anamugwira ngakhale kuti panalibe womuona.

Dzuwa litapendeka, kumapeto kwa bwalo kunatulukira munthu. Anali Kaputeni, wometa tsitsi, mnzake wa kuubwana amene anamuimira umboni pa ukwati wake. Ankayenda mozengereza, manja m'thumba, atavala nsapato za kuntchito.

"Chikwama chili kuti, Kaputeni?" anafunsa Mpanda.

"Sindinabwerere mpira, achimwene."

"Ndiye ingondiuzani. Mwasamukira kuti?"

Kaputeni anayang'ana ukonde, anayang'ana fumbi, koma nkhope ya mnzakeyo anailambalala.

"Tikusewera kwina. Tapeza goloboyi watsopano."

"Ndani ameneyo?"

"Simungamudziwe. Ndi wachinyamata, amadumpha ngati mphaka. Inu mwatha, achimwene. Anzathu atopa n'kuluza."

Mpanda ankayembekezera mawu amenewa, komabe atawamva anamulasa ngati chitsulo chamoto.

"Ngakhale pabenchi? Ndizingokumangirirani maukonde, ndizikutungirani madzi."

"Timakudziwani inu. Mukabwera mufuna kulowa. Musabwere." Kaputeni anatsokomola pang'ono. "Ndipo musadzivute kukapempha malo kumatimu ena. Onse anamva za tsiku lija. Angokusekani."

Mpanda anamuyang'ana nthawi yaitali. Uyu ndi munthu amene ankagawana naye botolo la madzi, amene anamubereka kumsana ulendo wina atabinya bondo. Anafuna kumutukwana, koma anadziletsa. Anafuna kumukumbutsa mapenate onse amene anawagwirira, koma anaona kuti kutero n'kupempha chifundo.

Anavula magolovesi, napita pagolo, nayamba kumasula ukonde. Mfundo iliyonse ankaimasula mofatsa, osadula chingwe. Anapita pa golo linalo nachitanso chimodzimodzi. Kaputeni anangoima pomwepo, osathandiza, osachoka.

Atapinda maukonde onse awiri, Mpanda anawaika pamapazi pa mnzakeyo, mpira pamwamba.

"Mukam'patse mnyamata wanuyo. Umodzi wabooka cha m'munsimu, akasoke. Ndipo mukamuuze kuti pa kona azikuwa, anthu anu akumbuyo aja amagona."

"Achimwene..."

"Basi, Kaputeni. Ndamva."

Anakoleka chikwama paphewa nauyamba. Sanadziwe kuti Loweruka lamawa adzadzuka n'kuloza kuti. Lolemba kunali zitsulo, Lachiwiri zitsulo, ndipo tsopano kumapeto kwa sabata kunalibe chomudikira. Asanatuluke pabwalo anaima, nagwira mtengo wa mpanda wa waya, nawerama pang'ono. Kenaka anapitiriza, osacheuka.

Kaputeni anadikira mpaka mnzakeyo atazimiririka kuseri kwa nyumba. Anakhala pansi pambali pa maukonde aja, natulutsa foni, naimba. Inangoitana kamodzi, mkazi wa Mpanda n'kuyankha.

"Alamu, ndanena monga munatipempha. Sadzagwiranso mpira." Mbali inayo kunamveka kusisima. "Koma zimene dokotala anakuuzani za mtima wa amuna anu, muwauze nokha. Ine za lerozi zandikwana."

Goloboyi watsopano kunalibe, ndipo bwalo lina kunalibenso. Madoda onse anali atagwirizana kusiyiratu mpira, kuti Mpanda akawafunafuna asakapeze golo loti aimepo.